Cruise control ya radar pa M5: ndi yabwino, koma siiona minibasi yoima

Anzanga oyenda msewu wa M5, galimoto zambiri zomwe zikuchokera ku Japan masiku ano zikubwera ndi batani lina pachiwongolero, lojambulidwa kagalimoto ndi timizere kutsogolo kwake. Ogulitsa amangoti, "Iyi imadziyendetsa yokha, bwana." Limenelo ndi bodza lamsika. Chinthucho ndi adaptive cruise control, chipangizo chogwira liwiro ndi kusunga mpata ndi galimoto yakutsogolo, ndipo maganizo anga ndi akuti pakati pa Salima ndi Nkhotakota n'chothandiza kuposa cruise wamba, koma n'chimenenso chimapusitsa dalaivala msanga.

Cruise wamba ndi yakale, inayamba kuikidwa m'galimoto za Chrysler mu 1958. Ntchito yake ndi imodzi basi. Mwafika pa 80, mwadina SET, kompyuta yagwira 80. Imawerenga liwiro kuchokera ku masensa n'kumawonjezera kapena kuchepetsa mafuta. Za kutsogolo sizikuikhudza. Lole ya nzimbe ikamakwawa pa 35 cha ku Dwangwa, cruise wamba ikakulowetsani kunsi kwake pa 80 yomweyo ngati simuponda buleki. Aliyense amadziwa zimenezi, ndiye phazi silichoka pafupi ndi buleki. Upusi wakewo ndi umene umakusungani maso.

Ya adaptive ili ndi radar, kabokosi kobisika kuseri kwa chizindikiro cha galimoto kapena m'bampa. Imaponya mafunde a 76 mpaka 77 GHz, ndipo akabwerera imadziwa kuti galimoto yakutsogolo ili pa mamita angati komanso ikuthamanga bwanji. Zambiri zilinso ndi kamera pagalasi lakutsogolo, pomwe pamakhala kagalasi koonera kumbuyo. EyeSight ya ma Subaru ambiri omwe tili nawo kuno imadalira makamera awiri okha. Inu mumaika liwiro, mumasankha mpata, ndipo wakutsogolo akachepetsa iyo imasiya mafuta, kenako n'kugwira mabuleki yokha. Msewu ukayera imabwerera pa liwiro lanu lija.

Pamalo owongoka, opanda anthu ambiri, muli kumbuyo kwa basi yomwe simungaipitirire chifukwa msewu ndi wopapatiza, apa ndiye imagwira ntchito yotamandika. Cruise wamba pamenepo ndi yotopetsa: SET, buleki, RES (batani lobwezera liwiro lomwe munaika), buleki, mpaka munthu umangoizimitsa.

Nkhani ya mpata ndi yofunika kuimvetsa ndi manambala. Pa ma Toyota ambiri pali misinkhu itatu yooneka ngati timizere padashibodi, ndipo pa 80 km/h timizere titatu ndi mamita pafupifupi 50, tiwiri ndi 40, kamodzi ndi 30. Galimoto yothamanga 80 imadya mamita 22 pa sekondi iliyonse. Ndiye kamzere kamodzi kamakupatsani sekondi imodzi ndi kachidutswa, pomwe kuona ngozi, kuganiza ndi kusuntha phazi lomwe linali litapumula pansi zimatenga sekondi yathunthu kapena kupitirira. Pamsewu wathu uno ikani timizere titatu, musasinthenso. Wina alowapo pampatapo, musiyeni alowe. Dziwaninso kuti mabuleki omwe cruise imagwira yokha anaikiridwa malire dala, safika ngakhale theka la mphamvu yomwe phazi lanu lingatulutse pa phula louma. Ikaona kuti yalephera imalira "pi-pi-pi", kutanthauza kuti buleki ndi yanu tsopano.

Koma vuto lalikulu ndi zinthu zoima. Radar imalandira mafunde obwerera kuchokera ku chilichonse: zikwangwani, zitsulo za pamlatho, mitengo, galimoto yoimikidwa m'mbali. Ikanati izigwira buleki pa chilichonse, kuchoka pa Kaphatenga kukafika pa Benga kukanatenga tsiku. Choncho opanga anaiuza kuti pa liwiro lalikulu izitsata zoyenda zokha, zoima izizinyalanyaza. Taganizani izi. Mwaika 80, mukutsata pikapu yomwe ikuyenda 60. Kutsogolo minibasi yaima, matayala awiri pa phula, awiri m'fumbi, kondakitala akumangirira matumba a mpunga kumbuyo, mayi wina akutsika ndi mwana kumsana. Pikapu ija yakhotera kumanja n'kuilambalala. Kwa radar msewu wayera, ndipo galimoto yanu iyamba kuwonjezera moto kufuna 80, molunjika pa minibasi. Pomwe mumayembekezera buleki, mukumva injini ikukwera. Si kuti yawonongeka, inapangidwa choncho, ndipo mabuku a galimotozi amachenjeza za chimenechi. Buleki yodzidzimukira ija yomwe Toyota amaitcha pre-collision ndi chipangizo china, imabwera mochedwa, ndipo pa liwiro lotere nthawi zambiri imangochepetsa kukula kwa ngozi.

Onjezanipo akabaza oyenda m'mphepete, njinga yosenza makala, ngolo ya ng'ombe, mbuzi, ana ochokera kusukulu. Zina ikhoza kuziona, zina ayi, ndipo simungadziwiretu kuti lero iona ziti. Dzenje siiliona. Hampu siiliona. Pa kona mafunde amapita molunjika pamene galimoto yomwe mumaitsata yakhota, ndiye imaitaya n'kuyamba kuthamanga muli pakati pa kona. Chinanso, wakutsogolo akamakhotera m'kamsewu kafumbi, yanu imatha kugwira buleki mwamphamvu ngakhale iye wachoka kale theka pamsewu, wakumbuyo kwanu n'kudzidzimuka. Phazi likhale pafupi, mungoponda moto pang'ono idutse.

N'chifukwa chake mukangoona madenga a malata ndi mabenchi a tomato, kaya ndi pa Khombedza, pa Benga kapena pa Chia pomwe amakuimikirani nsomba m'mwamba, dinani CANCEL musanalowe. Potuluka samalani ndi RES, chifukwa imakumbukira liwiro lakale ndipo ikuthamangitsani musanadutse chikwangwani, apolisi apamsewu ali pamthunzi ndi kamera yawo.

Fufuzaninso mtundu wa yanuyo. Ma Toyota akale, liwiro likatsika kufika cha m'ma 40, cruise imalira kamodzi n'kukusiyirani galimoto. Atsopano ena amatsata mpaka kuima. Munthu wozolowera yoima yokha akabwereka yosaima, ngozi yake imachitikira pamzere wa pa rodibuloko.

Chomwe chimandiopsa kuposa zonse ndi chakuti galimoto imodzi imakhala ndi mitundu yonse iwiri. Pa ma Toyota ambiri, mukagwira batani la ON-OFF kwa sekondi imodzi ndi theka, radar imachoka n'kutsala cruise wamba. Pa Honda mumagwira batani la mpata. Padashibodi kusiyana kwake ndi kachithunzi kakang'ono: kawotchi ka liwiro kokhala ndi kagalimoto ndiye radar, kopanda kagalimoto ndiye wamba. Mauthenga ena onse amatuluka m'Chijapani. Munthu amayandikira lole akudikira kuti galimoto ichepetsa yokha, osadziwa kuti chala chinakhalitsa pa batani. Yang'anani timizere ta mpata nthawi iliyonse mukadina SET. Ngati palibe, palibenso amene akuyang'ana kutsogolo kupatula inu.

Pa mitsetse ya M14 potsika kuchokera ku Lilongwe, zonse ziwiri zizimitseni. Cruise wamba, makamaka yakale, imangotseka mafuta, liwiro n'kumakwerabe. Ya radar imatha kugwira mabuleki mosalekeza mpaka atenthe n'kuyamba kufooka. Ikani giya yotsika, S, L kapena B malinga ndi galimoto, injini igwire. Mumvula chimodzimodzi, chifukwa matayala akayandama pamadzi mufunika kumva kudzera m'phazi. Kamera nayo imachita khungu ndi dzuwa lotsika: m'mawa mukamalowera ku Salima, madzulo mukamakwera ku Lilongwe, kapena pa M18 wopita ku Kasungu.

Za kuwonongeka. Kuno kunyanja mdani woyamba ndi nkhungu, tizilombo touluka tija. Mukadutsa m'khamu lake madzulo, chizindikiro chakutsogolo ndi galasi zimamatika phala lakuda, uthenga n'kutuluka, cruise n'kukana. Matope ndi fumbi lonyowa zimachitanso chimodzimodzi. Pukutani ndi kansalu kofewa konyowa, osapala ndi mpeni kapena sitiliwulu. Musamatepo sitika, ndipo chitsulo chotchinga kutsogolo chija anthu amakonda kuika pa ma Hilux ndi ma Prado chimatha kutseka radar ngati sichinapangidwire galimoto yotere. Chizindikiro cha radar n'chosalala ngati galasi, chinapangidwa kuti mafunde azidutsa. Chikasweka kapena kubedwa, chotchipa chooneka mofanana chimasokoneza radar. Bampa yomatidwa filler ndi penti wokhuthala pamalo pa radar nayonso imachepetsa mphamvu yake.

Kugunda mbuzi kapena kugwera m'dzenje lalikulu kumatha kupinda kachitsulo kogwira radar. Kupendekeka kwa digiri imodzi yokha, pa mamita 100 kumakhala kuphonya ndi mamita 1.7, pafupifupi theka la mbali yanu ya msewu. Galimoto imayamba kugwirira buleki za m'mbali, yomwe ili kutsogolo kwenikweni n'kuiona mochedwa. Kuikonza si kuwongola ndi pulayala. Imafuna pansi posalala, chikwangwani choyezera choikidwa pa mtunda womwe opanga analamula, ndi kompyuta yolumikiza ku galimoto. Mukasintha galasi lakutsogolo, kamera nayo imafuna kuyezedwanso. Musanasiye galimoto kwa owongola mabodi, afunseni ngati zipangizozi ali nazo, ndipo akayankha kuti "ingozolowera yokha, achimwene," pitani kwina.

Cruise wamba ikakana, yambani ndi zotchipa. Wina aime kumbuyo muponde buleki: magetsi akapanda kuyaka, kapena akamangoyaka osazima, vuto ndi kaswitchi ka pa pedulo ya buleki. Ngati hutala ndi mabatani ena a pachiwongolero afa limodzi, ndi lamya yozungulira ya m'kati mwa chiwongolero, ija amakaniko amati clock spring. Getsi la ABS kapena la check engine likayaka, galimoto zambiri zimatsekeratu cruise mpaka vutolo lithe. Zonsezi zimagwiranso ya radar, kuphatikizapo batire lofooka lomwe limadzutsa mauthenga abodza m'mawa.

Kwa amene akugula galimoto ndipo maulendo ake ambiri ndi a pa boma, ku Senga Bay ndi kumunda, ndalama yowonjezera chifukwa cha radar ndi bwino ipite ku matayala anayi atsopano a saizi imodzi. Amene amayenda mtunda wautali sabata ndi sabata aitenge, koma aiyese asanalipire: pamalo owongoka, kumbuyo kwa galimoto ya mnzake, aike 70, mnzakeyo atsike pang'onopang'ono kufika 50, aone ngati kagalimoto kakuoneka padashibodi, ngati ikuchepetsa mosadzidzimutsa, komanso liwiro lomwe imamusiyira mabuleki.