Zomwe mzinda wa Blantyre ungatengere ku Dar es Salaam, Lusaka ndi Maputo pa luso la makompyuta

Ubale wa mzinda wa Blantyre ndi mzinda wa Hannover ku Germany unayamba mu 1968, ndipo msewu wina pakati pa tauni umadziwika ndi dzina la mzindawo mpaka lero. Maubale otere ndi abwino, koma anatizoloweza kuponya maso kutali tikamva za mgwirizano wa mizinda. Pa nkhani ya makompyuta ndi intaneti chizolowezichi chimatipweteka. Pulogalamu yolembedwera mzinda umene nyumba iliyonse ili ndi nambala, msewu uliwonse uli ndi dzina, ndipo wokhoma msonkho aliyense ali ndi akaunti ku banki, ikafika ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Mbayani imasowa pogwira. Mizinda yomwe yalimbana kale ndi mavuto ofanana ndi athu ili pafupi: Dar es Salaam, Lusaka, Maputo. Uliwonse unalowera njira yake, ndipo si zonse zomwe anzathuwa anachita zoyenera kutengera.

Zoti makhonsolo azithandizana pa lusoli si nkhani yachilendo. Atsogoleri a mizinda anakumanapo ku Lyon mu 2003 ndi ku Bilbao mu 2005, m'zaka zomwenso bungwe la United Nations linachititsa misonkhano yake ikuluikulu ya nkhaniyi ku Geneva ndi ku Tunis. Chitsanzo chaposachedwa ndi ASToN, mgwirizano wa mizinda 11 ya mu Africa womwe unayenda kuyambira 2019 mpaka 2022 ndi ndalama zochokera ku France. Mzinda wa Matola ku Mozambique unali momwemo, ndipo unasankha kukonza katoleredwe ka msonkho. Nzeru ya mgwirizanowu inali yakuti mzinda uliwonse umatenga vuto limodzi, n'kuliyesa pa dera laling'ono, kenako n'kuuza anzawo pomwe zakanika. Mzinda wa kuno munalibe.

Chinthu choyamba ndi mapu, chifukwa msonkho, zinyalala, ngalande ndi chenjezo la madzi osefukira zonse zimafuna kuti khonsolo idziwe chomwe chili pamalo pati. Ku Dar es Salaam ntchito ya Ramani Huria inayamba mu 2015 ndi thandizo la World Bank. Ophunzira a ku Ardhi University ndi University of Dar es Salaam ankayenda ndi anthu a m'maderamo kulemba nyumba, tinjira ndi ngalande, n'kuika zonse pa OpenStreetMap, mapu a pa intaneti omwe aliyense amatha kutengapo kwaulere. Pa ngalande sankangojambula mzere. Ankayeza m'lifupi ndi kuya kwake, kulemba ngati ndi ya konkire kapena ya dothi, ndi kuonetsa pomwe yatsekeka. Mzere wokha suuza injiniya kanthu. Miyeso ndi yomwe imamuthandiza kuwerengera madzi omwe ngalandeyo ingapirire.

Ku Lusaka anadzera kwina. Mu 2021 bungwe lojambula mapu la ku Britain, Ordnance Survey, linagwiritsa ntchito zithunzi zojambulidwa m'mwamba ndi kompyuta yophunzitsidwa kuzindikira madenga, ndipo linatulutsa mapu a nyumba zoposa 300,000 pa dera la masikweya kilomita 420. Liwiro lake palibe gulu la anthu oyenda pansi lingafikepo. Koma kompyuta imaona denga basi. Sidziwa kuti ili ndi golosale, ili ndi tchalitchi, ili ndi khola la nkhuku, komanso sidziwa kuti pansi pa denga limodzi lalitali pali mabanja asanu ochita lendi. Nyumba zogundana madenga imaziwerenga ngati imodzi, ndipo zomwe zili pansi pa mitengo ya mango imaziphonya.

Kwa Blantyre, mzinda womwe unali ndi anthu 800,264 pa kalembera wa 2018, njira ziwirizi n'zofunika kuziphatikiza, ndipo ndondomeko yake ili ndi poyambira. Madenga ajambulidwe kaye pa chithunzi, denga lililonse lipatsidwe nambala yake yosasintha, kenako wolemba apite ndi foni yomwe ikuonetsa madengawo, akhudze denga lomwe waimapo, ndiyeno alembe zina zonse. Ambiri amachita mosemphanitsa: amatuma achinyamata kukatenga malo ndi GPS ya foni. GPS ya foni imaphonya ndi mamita atatu mpaka asanu pamalo poyera, ndipo pakati pa makoma ndi malata imaphonya kwambiri. Ku Namiwawa zimenezi zilibe kanthu chifukwa mapuloti ndi aakulu. Ku Ndirande mamita asanu ndi nyumba ya mnzako, ndiye kuti bilu idzapita kwa munthu wolakwika. Zipangizo zake sizifuna laisensi yogula: QGIS yojambulira mapu, ODK kapena KoboToolbox yolembera mafunso pa foni ngakhale popanda netiweki. Ophunzira za kuyeza malo ali pomwepa ku yunivesite ya MUBAS, kufupi ndi maofesi a khonsolo ku Chichiri.

Pali msampha wina womwe umagwira ngakhale odziwa. Mapu athu akale anayezedwa pa muyeso (maziko owerengera pomwe malo ali pa dziko lapansi) wa Arc 1950, monganso a ku Zambia, pomwe a ku Tanzania anatsata Arc 1960 ndipo a ku Mozambique anali ndi wawo wa Tete. GPS ndi zithunzi za masiku ano zimatsata muyeso wina wotchedwa WGS 84. Ukasanjika mapu akale a mapuloti pa chithunzi chatsopano osasintha muyeso, zonse zimasuntha ndi mamita oposa 200, ndipo puloti ya munthu imapezeka mumtsinje wa Mudi. Mizinda iwiri ikamagawana mapu, funso loyamba likhale la muyeso umenewu.

Pa kulipira, dziko la Tanzania ndi lomwe linapita patali. Kuyambira cha mu 2017 boma linakhazikitsa GePG, khomo limodzi lolipirira ndalama za boma. Munthu akafuna kulipira laisensi kapena chindapusa amapatsidwa nambala ya bilu yakeyo, amalipira pa foni, ku banki kapena kwa ejenti, ndipo ndalamayo imagwirizana yokha ndi biluyo. Ubwino wake suli pa foni ayi, uli pa nambalayo. Kuno kulipira pa Airtel Money kapena TNM Mpamba aliyense amatha, koma ndalama ikangolowa mu akaunti ya khonsolo ndi dzina lomwe wolipira walemba yekha, wina ku ofesi amayenera kukhala pansi ndi sitetimenti ya banki kufufuza kuti "Phiri, Chilomoni" ndi Phiri uti. Pamenepo ndi pomwe pamabadwira ngongole zabodza ndi mikangano ya pa kauntala. Bilu iliyonse ikhale ndi nambala yake, nambalayo imangike ku nambala ya denga ija, ndipo makina akane kulandira ndalama ngati nambala yalakwika.

Komabe pali mbali ina ya ku Tanzania yofunika kuichenjerera. Mu 2016 msonkho wa nyumba unachotsedwa m'manja mwa makhonsolo a mizinda ikuluikulu n'kupita ku bungwe lotolera misonkho la boma, ndipo mu 2021 anayamba kuudula pogula mayunitsi a magetsi, kuyambira pa 1,000 shilingi pamwezi pa nyumba wamba. Kutolera kunaphweka, inde. Koma wogula mayunitsi nthawi zambiri ndi wa lendi, osati mwini nyumba. Nyumba ya zipinda ziwiri ndi ya zipinda khumi zimalipira mofanana. Ndipo nyumba yopanda magetsi sioneka n'komwe. Choipa kwambiri n'chakuti khonsolo yomwe sitolera yokha msonkho imasiya kusamala kaundula wake wa nyumba. Ku Maputo nakonso ndalama ya zinyalala imadulidwa pa magetsi, ngakhale kumeneko ndi yolipirira ntchito ya khonsolo yeniyeniyo.

Pano tisaiwale kuti chitsanzo chabwino cha kaundula chili kwathu konkuno. Kuyambira mu 2013 mzinda wa Mzuzu unayesa njira yowerengera msonkho wa nyumba pogwiritsa ntchito mapointi: kukula kwa nyumba, zomangira khoma ndi denga, msewu wofikako, madzi ndi magetsi. Njirayi inayesedwapo kale m'mizinda ya ku Sierra Leone. Nyumba zolembedwa mu kaundula zinachoka pa pafupifupi 10,000 kufika pafupifupi 40,000, ndipo ndalama zotolera zinakwera kangapo. Chomwe chinavuta si kompyuta koma lamulo, lomwe limafuna kuti mtengo wa nyumba uikidwe ndi katswiri wovomerezeka. Blantyre asanagule pulogalamu iliyonse ya msonkho, nkhani ya lamuloyi ikambidwe kaye kudzera ku MALGA, bungwe la makhonsolo, apo ayi mabilu adzagwa kukhoti.

Ku Maputo kuli phunziro la madandaulo a zinyalala. Ntchito yotchedwa MOPA, yomwe inayamba cha m'ma 2015, inalola munthu kudandaula pa foni ya mabatani poimba nambala yaifupi ya USSD, monga momwe timagulira mayunitsi. Amasankha dera, bini, ndi vuto lake: yadzaza, ikuyaka moto, galimoto silinabwere. Dandaulolo limaoneka pa mapu ku khonsolo, ndipo vuto likathetsedwa wodandaula amalandira uthenga. Kusankha USSD kunali kwanzeru chifukwa sifuna bandulo kapena foni yodula. Malire ake ndi odziwika: tsamba limodzi limatenga zilembo zosaposa 182, ndipo munthu akachedwa kuyankha kulumikizana kumaduka, choncho mafunso asapitirire anayi. Nambalayo iyenera kugwira pa Airtel ndi TNM pomwe, ndipo zigwirizanidwe poyamba kuti wolipira kuimbako ndani. Akamalipira wodandaula, madandaulo amachokera kwa okhawo omwe ali ndi ndalama.

Koma walira mvula walira matope. Kutsegula nambala ya madandaulo pomwe magalimoto opita kudzala la ku Mzedi ali pamiyala kapena alibe mafuta n'kudziitanira manyazi. Munthu amadandaula kawiri, kachitatu, ndipo akaona bini ya pamsika wa Limbe idakali momwemo sadzaimbanso, ngakhale zinthu zitadzakonzeka pambuyo pake. Kuyamba ndi mawadi awiri kapena atatu omwe khonsolo ikudziwa kuti ingafikeko pasanathe masiku awiri n'kwabwino kuposa kulengeza mzinda wonse pa wailesi. Bini iliyonse ilembedwe nambala ndi penti yooneka patali.

Kusiyana kwa mayiko atatuwa kumaonekera apa. Ku Tanzania boma lalikulu limamanga chinthu chimodzi n'kulamula onse achigwiritse ntchito. Chimakhalitsa, koma khonsolo ilibe mawu. Ku Mozambique zoyesayesa zambiri zimabadwira kukhonsolo mothandizidwa ndi abwenzi akunja, monga Beira ndi dziko la Netherlands pa mapulani a mzinda ndi kaundula wa malo. Zimayenderana ndi zosowa za pamalopo, koma moyo wake umadalira kuti thandizo likatha kwatsala ndani wolipira. Zambia inaika ntchito za boma za pa intaneti pansi pa Smart Zambia Institute, pomwe ntchito ngati ya mapu a Lusaka inabwera ndi mabungwe akunja. Ife tili pafupi ndi Mozambique pa kudalira thandizo, ndiye matenda awo ndi omwe tiyenera kuwaphunzira kwambiri.

Nkhani ya komwe makina osungira zonsezi akhale si yaing'ono kwa dziko lopanda nyanja. Intaneti yathu imadzera pa nthambo zodutsa ku Tanzania, Mozambique ndi Zambia. Pa 12 May 2024 nthambo za pansi pa nyanja za EASSy ndi SEACOM zinaduka kufupi ndi Durban, ndipo intaneti inafooka kuyambira Mozambique, Malawi mpaka Kenya. Khonsolo yomwe kaundula wake ali pa server (kompyuta yaikulu yosungira zinthu) ya ku Ulaya tsiku lotere singatulutse lisiti. Blantyre ali ndi mwayi woti malo olumikizirana makampani a intaneti a m'dziko muno, MIX, ali mumzinda momwemu kuyambira 2008, ndipo malo osungira data a boma anatsegulidwanso momwemu mu 2022. Kaundula akhale kuno, kope lina lisungidwe mumzinda wina, ndipo kamodzi pa miyezi itatu wina ayese kubwezeretsa zonse kuchokera pa kopelo. Kope losayesedwa nthawi zambiri limapezeka lopanda kanthu tsiku lomwe lafunika.

Pomwe mgwirizano ndi Mozambique ukufunika mwachangu ndi pa anamondwe. Freddy anatera kachiwiri kufupi ndi Quelimane pa 11 March 2023, ndipo pasanathe masiku awiri matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinali zitakwirira nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja. Kulosera ndi ntchito ya nthambi yoona zanyengo, ndipo chenjezo limadzera ku DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Gawo la khonsolo ndi kudziwa nyumba zomwe zili m'mitsetse ndi m'mbali mwa mitsinje, sukulu zothawirako, ndi mafumu oti aimbiridwe. Izi zimachokera pa mapu omwe aja. Quelimane ndi Beira, womwe unasakazidwa ndi Idai mu 2019, akhala akukumana ndi funso lomweli, ndipo Chipwitikizi si chotchinga chachikulu monga timaganizira: Chisena chimamveka ku Beira ngati ku Nsanje, Chinyanja chimalankhulidwa m'chigawo cha Tete komanso ku Lusaka ndi ku Chipata. Mawu a chenjezo ndi mafunso a USSD olembedwa bwino kamodzi angagwire ntchito mbali zonse atangosinthidwa pang'ono.

Zogawana zili ndi malire. Malawi ali ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, Zambia la 2021, Tanzania la 2022. Mapu a madenga, miyeso ya ngalande, mafomu ndi pulogalamu zingawoloke malire. Mayina a eni nyumba, manambala a foni ndi a chitupa cha unzika asatuluke.

Pepala la mgwirizano, kaya ndi mzinda wina kaya ndi kampani yomwe mzindawo wabweretsa, linene zinthu izi mosabisa. Data yonse ndi ya khonsolo, ndipo itha kutulutsidwa tsiku lililonse mu mafayilo wamba monga CSV ndi GeoPackage popanda kulipira. Mapasiwedi aakulu a server ali ndi wogwira ntchito wa khonsolo, osati mlangizi yekha. Mtengo wa chaka ndi chaka wa server, mauthenga a SMS ndi nambala ya USSD walembedwa mu kwacha ndipo uli mu bajeti ya khonsolo kuyambira chaka choyamba, chifukwa laisensi yolipira mu madola imafa tsiku lomwe ndalama zakunja zasowa. Ndipo opita kukaphunzira ku Dar es Salaam kapena ku Maputo akhale injiniya wa ngalande, kalaliki wa msonkho ndi wa makompyuta, osachepera awiri pa ntchito iliyonse, akakhale milungu iwiri pa desiki ya mnzawo wogwira ntchito yomweyo, kuti mmodzi akasamutsidwa kupita ku khonsolo ina ntchito isaime.