Thirakitala si malipiro, lipirani ana a eni

Ndapsa mtima ndipo sindibisa. Mwana wa mlongo wanga wabwera dzulo kuchokera ku famu ina kuno ku Mchinji kumene wakhala akukolola soya chiyambire Epulo. Wafika atatha thupi, zikhatho zili zipsera zokhazokha, akutsokomola fumbi, m'thumba mulibe ngakhale yogulira sopo. Ndamufunsa kuti nanga ndalama zako? Akuti, "Amalume, abwana ati tidikire agulitse kaye soya." Atatero watulutsa foni n'kuyamba kundionetsa zithunzi. China wakhala pampando wa thirakitala, manja pachiwongolero, injini ili zii. China watsamira tayala lakumbuyo lija lofika pachifuwa. China ali ndi anzake pamwamba pa matumba, zala m'mwamba. Akuonetsa uku akumwetulira, mtima uli mbee. Kumwetulirako ndiko kwandilasa kuposa thumba lopanda kanthulo.

Inu eni mafamu, ndikunena inu. Thirakitala si malipiro. Kukwera ngolo si malipiro. Kujambulitsa pafupi ndi Massey Ferguson yofiira kapena John Deere yobiriwira si malipiro. Munthu akagwira ntchito amalandira ndalama, n'kupita nazo pagolosale kukagula sopo, mchere ndi mafuta ophikira. Ndi wagolosale uti amene angakupimire shuga utamuonetsa chithunzi?

Ndipo musanamizire kuti simudziwa chimene mukuchita. Mukudziwa bwino lomwe. Soya akangoyamba kuyoyola masamba, thirakitala imatsukidwa mpaka kunyezimira, n'kukaimikidwa pamsika pomwe anyamata amachezera. Dalaivala amaliza hutala, kuponda mafuta kuti utsi uti tolo, kapitawo n'kukuwa kuti ofuna ntchito kwerani. Anyamata amalimbirana ngolo osafunsa n'komwe kuti ndime ndi ndalama zingati, tilandira liti, nanga phoso liliko? Wina akayerekeza kufunsa, kapitawo amangoti, "Iwe ukalimbikira, abwana akuphunzitsa kuyendetsa." Basi, mnyamata watsekedwa pakamwa. Usiku umenewo amagona akudziona ali pachiwongolero atavala ovolosi, mudzi wonse ukumuloza. Koma thirakitala ili ndi mpando umodzi, ndipo mpandowo uli ndi mwini wake kale, kawirikawiri m'bale wa abwana. Makiyi amagona m'thumba mwa ameneyo. Nyengo imatha mwana wa eni asanaonetsedwe ngakhale pothira oyilo. Chaka chamawa bodza lomwelo, kungosintha ana. Imeneyi ndi nyambo, ndipo woika nyambo amadziwa kuti m'kati mwake wabisamo mbedza.

Amene simunaoneko kukolola soya pa famu yotere mwina mumaganiza kuti makina ndiwo amagwira ntchito, anthu n'kumangoyang'anira. Ayi ndithu. Ntchito yaikulu ya thirakitala inatha kalekale, nthawi yotipula mvula isanagwe. Pokolola imangokoka ngolo ndi kuzunguza makina opunthira. Zina zonse ndi manja a munthu. Kumweta ndi zenga kapena kuzula, utawerama kuyambira m'mamawa mame asanaume, chifukwa dzuwa likakwera makoko amathetheka mbewu n'kumwazikira pansi. Makoko a soya wouma amabaya, ndiwo amang'amba zikhatho zija. Ukatero kumanga mitolo, kusenza pamutu mpaka pamene pali makina. Ndiye pamakinapo ndi pamene pali chibalo chenicheni. Munthu wopuntha ndi ndodo amatopa n'kupuma, kumwa madzi, kuwongola msana. Makina satopa. Malinga dizilo alimo, amafuna mtolo pambuyo pa mtolo, ndipo ukachedwa pang'ono kapitawo amakalipa kuti ukuwononga mafuta a abwana. Fumbi la soya limayabwa, limalowa m'maso, m'mphuno, mpaka kukhosi. Chotchinga kumaso palibe, anyamata amavula malaya n'kumanga pamphuno. Lamba akuzungulira poyera, wopanda chophimba, pafupi ndi zala za ana amene atopa kale. Dzuwa likapendeka kusoka matumba a makilogalamu 50, kuwaponya paphewa, kukweza m'ngolo limodzilimodzi, kukafika kunkhokwe kutsitsanso. Ntchito imene mwana anaithawa kumudzi poti ndi yonyozeka, kufamu waigwira mowirikiza, pa liwiro la injini, ndipo wabwerako chimanjamanja.

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Sanalakwe.

Chondiwawa china n'chakuti mwanayu akanatha kugwira ganyu pakhomo pomwe. Mayi ena amasiye m'mudzi mwathu anamupempha kuti awathandize kukumba ndi kuthothola mtedza. Mayi amenewa salipira zambiri, koma masana umadya nawo nsima, ndipo dzuwa likamalowa amamasula mfundo ya pansonga ya chitenje n'kukuwerengera zako m'manja tsiku lomwelo. Iye anakana. Akuti kumeneko n'kwa khasu, anzanga andiseka. Mayiwo anakumba okha ndi tidzukulu tawo, pang'onopang'ono, nthaka ikunka nilimba. Wolima mtedza aliyense akudziwa chimene chimachitika ukachedwa m'nthaka: pozula umadukira pansi, chiswe chimalowamo, wina umachita chuku, ndipo vendala akangouona amagwetsa mtengo. Taonani tsono zinthu zake. Wolipira m'manja wasowa omuthandiza. Wosalipira ngolo yadzaza mpaka ena kubwezedwa. Kusiyana kwake n'chitsulo chopaka penti basi. Si mayi amenewa okha ayi. Alimi ang'onoang'ono a maekala awiri kapena atatu, amene amakongola ngakhale kubanki m'khonde kuti alipire aganyu pa nthawi yake, akusowa anyamata nyengo yokolola chifukwa onse athamangira kumene kukulira injini.

Inde ndikudziwa, ntchito kulibe, ana akumaliza Fomu 4 n'kumangokhala, ndipo khasu tinalinyozetsa tokha polisandutsa chilango kusukulu. Zonsezo n'zoona, koma si chilolezo choti muziwadyera masuku pamutu.

Mukafunsidwa mumalira kuti zinthu zadula. Dizilo wakwera, zitsulo zosinthira zimachokera kunja, kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ngongole yakubanki ikudikira. Tamva. Koma ndiyankheni funso limodzi. Dizilo ameneyo mumagula bwanji? Munayamba mwauzapo wothira mafuta kuti thira kaye ndidzalipira ndikagulitsa soya? Simungayerekeze, chifukwa mukudziwa kuti pampu siyitsegulidwa. Makaniko akabwera kudzakonza, sanyamuka musanamupatse zake. Wogulitsa matayala mumamulipira, wa matumba mumamulipira, ngakhale ulusi wosokera mumagula ndi ndalama. Aliyense amene wakhudza thirakitala ija amalandira tsiku lomwelo, kupatula munthu amene wawerama m'munda tsiku lonse. Chitsulo chimamwa pa nthawi yake, mwana wa munthu ndiye adikire msika. Ngati ndalama zokolola munalibe, munalimiranji munda waukulu chotero? Munagula makina kuti anthu azikupatsani ulemu pamsewu, tsopano ulemu wanuwo mukufuna ulipiridwe ndi thukuta la ana a amphawi. Umenewo si ulimi wamakono. N'kuba.

Ndipo mawu akuti dikirani tigulitse si achilendo kuno kwathu. Tinakula tikuwamva kumaesiteti a fodya. Mabanja ankatengedwa ku Mulanje, ku Thyolo, ku Phalombe, kubwera nawo kuno ku Mchinji ndi ku Kasungu kudzakhala matenanti. Ankalima chaka chathunthu akudya phoso langongole, kudikira kuti mabelo apite ku okushoni. Abwana akabwerako ankati mitengo sinali bwino, n'kuyamba kuchotsera: chimanga chimene munadya, feteleza, mankhwala a kuchipatala, ngakhale khasu limene linathyoka. Tenanti ankatsala ndi ngongole m'malo mwa malipiro, yobwererera kwawo osaipeza. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la zantchito n'kuthetsa utenanti. Lero ena mwasiya fodya mwalowa soya, mwagula thirakitala, mwayala zithunzi zake pa Facebook, koma mawu otuluka pakamwa panu ndi omwe aja. Kusiyana kwake n'kwakuti tenanti wakale ankadziwa kuti akuzunzika. Mwana walero mwamupusitsa mpaka akuthokoza kuti wakwera nawo ngolo.

Alipo eni mafamu amene amalipira sabata ndi sabata osavuta, amenewo sindikuwanena, ndipo akudzidziwa. Ndikunena inu amene penti yakhala chikwama chanu.

Wina asabwere pano kudzandiuza kuti achinyamata amasiku ano ndi aulesi, safuna ulimi. Bodza. Waulesi angasenze matumba a makilogalamu 50 mpaka mdima? Mu Novembala 2023 achinyamata 221 anakwera ndege kupita ku Israel, ndipo ntchito imene ankapitira inali yakumunda. Ena ali m'mafamu a ku South Africa, akuthyola zipatso za eni. Amenewo sanathawe dothi. Mwana wa Chimalawi akufuna zinthu ziwiri: ntchito yoti asachite nayo manyazi pamaso pa anzake, ndi ndalama yoti aigwire m'manja. Inu mwaona njala ya ulemu imene ali nayo, ndiye mwaigwiritsa ntchito pomumana ndalama. Mukanakhala anthu, bwenzi mukumupatsa zonse ziwiri. Chimakuvutani n'chiyani kuti Loweruka masana mutenge anyamata awiri atatu muwaonetse mmene amalumikizira pulawo, mmene amaonera madzi ndi oyilo, mmene amabwerera m'mbuyo ndi ngolo? Palibe chimene mungataye. Koma simufuna, chifukwa mnyamata akadziwa kuyendetsa ayamba kutchula mtengo wake, ndipo inu mukufuna wosadziwa kanthu, woti mudzamunamizenso chaka chamawa.

Nanunso ana anga, tsegulani maso. Sindikukunyozani, ndikumva chisoni. Kukonda makina si tchimo, ndipo amene akufuna kudzakhala dalaivala kapena makaniko akufuna chinthu chabwino. Koma phazi lisanaponde ngolo, funsani. Ndime ndi zingati? Tsiku lolandira ndi liti? Chakudya n'cha ndani? Anene pamaso pa anthu, ndipo mulembe mufoni yomwe mumajambulirayo. Akakuuzani zophunzitsa kuyendetsa, funsani kuti chaka chatha munaphunzitsa ndani, ali kuti timuone. Mukaona kapitawo akuzungulirazungulira osatchula mtengo musanakwere, dziwani kuti mukatsika sadzautchulanso. Anzanu amene mukuopa kuti akusekani mukagwira khasu kwa agogo, mukadwala chifuwa cha fumbi sadzakugulirani ngakhale panado. Ine monga malume nkhani ya mwana wa mlongo wangayi sindiyisiya. Ndipita ndekha kufamuko, ndipo zikakanika ifika kwa amfumu ndi ku ofesi ya zantchito kuboma. Makolo ena amene ana anu anali pa ngolo yomweyo, musakhale chete poopa kuti abwana ndi munthu wodziwika. Soya ameneyo ali m'nkhokwe chifukwa cha misana ya ana athu.

Ndipo poti ndayamba, ndinene ndi za ngolozi usiku. Mwaziona inu oyenda msewu wa Mchinji kukada? Ngolo yodzaza matumba mpaka pamwamba, pamwamba pa matumbapo anyamata atakhala miyendo ili lendelende, ena akuwodzera ndi kutopa, wina wadzipanikiza pambali pa dalaivala pamwamba penipeni pa tayala. Kumbuyo kulibe nyali, kulibe ngakhale kagalasi konyezimira, ndipo msewu womwewo mukudutsa malole a katundu opita ku Chipata. Thirakitala ikagunda dzenje onse amadumpha m'mwamba n'kugwirana malaya. Ena mwa anawo ukawayang'ana bwino sanafike n'komwe zaka 18, ayenera kukhala ali m'kalasi. Munapeza mamiliyoni ogulira thirakitala, mwalephera babu limodzi lakumbuyo?