Ukalamba wokha sugulula dzino

Ndimagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba kuno ku England, ndipo pali mawu amene amandiwawa ndikawamva: "N'zaukalamba izi, mano amatha basi." Ine ndimakana.

Tinali ndi agogo ena aakazi odwala matenda oiwalaiwala. Anayamba kukana chakudya, supuni ikangofika pakamwa iwo n'kutembenuza nkhope. Tonse tinkati ndi matenda awo omwewo. Tsiku lina ndikuwapukuta kumaso ndinakweza mlomo wawo pang'ono. Nkhama zotupa, zofiira psuu, dzino la m'munsi likugwedera, mafinya akutuluka m'mbali mwake. Agogowa ankamva ululu koma analibe mawu oti anenere. Mtima unandipweteka tsiku lonse.

Ambiri mwa okalambawa amamwa mankhwala angapo patsiku: a BP, okodzetsa, okhazika maganizo pansi. Mankhwala oterewa amaumitsa mkamwa, pomwe malovu ndiwo amatsuka mano ndi kuchepetsa asidi wowononga. Mkamwa mouma chonchi ife timathiramo tiyi wa shuga ndi mabisiketi mmawa, masana ndi madzulo, ndipo timatero chifukwa chowakonda. Dzino limayamba kuola cha kumuzu, pomwe nkhama zinasendera kale. Wodwala shuga nkhama zake sizichedwa kugwidwa ndi matenda. Nanga dzanja la nyamakazi, kapena lofooka ndi sitiroko, lingagwire bwanji mswachi?

Koma chachikulu ndi ifeyo. Shifiti ya mmawa imathamanga: kusambitsa, kuveka, kudyetsa, belu likulira chipinda china. Chimatsala ndi mswachi. Ndinachitapo zimenezi ineyo, ndipo sindinyadira. Munthu akakana kuyasamula timalemba kuti wakana, osayesanso pakapita ola limodzi mtima wake utatsika.

Bungwe la CQC, loyendera nyumba za okalamba kuno, linatulutsa lipoti mu 2019: nyumba 52 pa 100 zilizonse zimene linayendera zinalibe ndondomeko yosamalira mkamwa. Chonsecho malangizo a mu 2016 a bungwe la NICE, lolangiza za umoyo kuno, anali atanena kale kuti munthu aziyang'anidwa mkamwa akangofika. Ndipo nkhaniyi sithera pa mano. Tizilombo ta mkamwa mosatsuka tikalowa m'mapapo timayambitsa chibayo, ndipo wosatafuna amaonda.

Inu amene muli ndi makolo m'nyumba zimenezi, mukapita kukawaona mmawa lowani kubafa mukakhudze mswachi wawo. Mukaupeza wouma, funsani amene ali pa shifiti.