Lekani kuchemerera nkhondo ya nyukiliya

Ana inu, ndikunena inu amene mukangomva kuti Russia yaopseza America mumathamangira pa foni kukalemba kuti "aponye basi tione." Wina mbali ya Moscow, wina mbali ya Washington, ngati ndi mpira wa Bullets ndi Noma. Ena mwafika pomapikisana nzeru kuti nkhondoyo ikanabuka kale akanapambana ndani. Khalani pansi mumve. Zimene mukuseweretsazo zinatsala pang'ono kuchitika, kangapo konse, popanda mtsogoleri aliyense kulamula.

Pa 26 September 1983, pakati pa usiku, msilikali wina wa Soviet Union (dziko limene Russia inali mbali yake nthawi imeneyo) dzina lake Stanislav Petrov anali pa ntchito ku Serpukhov-15, kufupi ndi Moscow, kuyang'anira makina ounika mizinga ya adani. Mwezi womwewo, pa 1 September, asilikali a Soviet Union anali atagwetsa ndege ya anthu wamba ya ku South Korea, anthu 269 n'kufa, ndiye mitima inali m'mwamba mbali zonse. Mwadzidzidzi belu linalira. Kompyuta inati mzinga wanyamuka ku America. Posakhalitsa inati wachiwiri, wachitatu, mpaka isanu. Mzinga wotere umafika m'mphindi pafupifupi 30, ndipo udindo wa Petrov unali kudziwitsa akuluakulu ake. Iye anaganiza kuti munthu woyamba nkhondo yotere saponya isanu, amaponya mazanamazana. Anawauza kuti makina akunama. Analidi akunama: kunali kuwala kwa dzuwa pa mitambo kumene kunasokoneza setilaiti. Mphotho yake? Anamudzudzula kuti sanalembe bwino m'buku la ntchito usiku umenewo.

Poti mumakonda nkhani za "zikanakhala," tiyeni tiiyende njirayo mpaka kumapeto. Tinene kuti pa mpando paja panali wina wongomvera kompyuta. Uthenga ukwera kwa Yuri Andropov, mtsogoleri wa Soviet Union, munthu wodwala, amene ankakhulupirira kale kuti America ikukonza chiwembu. Ali ndi mphindi zochepa zoti aganize. Akanati "bwezerani," America ikanaona mizinga yeniyeni ikubwera, nayonso n'kubwezera. Dzuwa likanatuluka London, Moscow ndi New York zili phulusa, ndipo sipakanatsala munthu wofufuza kuti poyambira pake panali pa mtambo. Alipo ena amati akuluakuluwo akanayamba adikira kaye kuti makina apansi atsimikize. Mwina. Koma kodi moyo wa ana ako ungaukolowekere pa "mwina"?

Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti zambiri mwa ngozizi gwero lake linali mphwayi wamba, yomweyi timakalipira ana pakhomo. Pa 18 September 1980, ku Damascus m'chigawo cha Arkansas ku America, anyamata awiri achisilikali analowa m'dzenje losungiramo mzinga wa nyukiliya wa Titan II kukagwira ntchito. Chipangizo chimene malamulo ankafuna anachiiwala m'galimoto, ndipo m'malo mobwerera anati tigwiritsa sipanala yomwe ilipoyi. Mutu wa sipanalayo, chitsulo cholemera makilogalamu oposa atatu, unapulumuka, n'kugwa mamita oposa 20, n'kunjanja, n'kuboola thanki ya mafuta a mzingawo. Mbandakucha dzenje lonse linaphulika. Chitseko cha matani oposa 700 chinauluka, msilikali mmodzi anamwalira, ena 21 anavulala. Bomba limene linali pamwamba pa mzingawo, mphamvu zake zoposa la ku Hiroshima ka 600, analipeza litagwera chapafupi ndi geti. Silinaphulike. Ulesi wobwerera ku galimoto basi!

Zina ndingozitchula. Mu November 1979 tepi yophunzitsira inalowa m'makompyuta a asilikali a America, iwo n'kuona ngati Soviet Union yaponyadi, ndege zankhondo n'kunyamuka. Mu January 1995 akatswiri a sayansi anaulutsa roketi ku Norway, anali atadziwitsa Russia, koma uthengawo sunafike kwa oyang'anira makina, mpaka pulezidenti wa Russia, Boris Yeltsin, anamubweretsera chikwama cholamulira mizinga. Mu August 2007 ndege yankhondo ya America ya B-52 inanyamula mabomba a nyukiliya asanu ndi limodzi kuchoka ku bwalo la asilikali la Minot kupita ku la Barksdale, m'dziko lomwelo, oyendetsa osadziwa zimene asenza, ndipo panatha maola 36 anthu asanazindikire. Tsoka silinunkha, ana inu.

Mwina mukuti ife zikutikhudza chiyani, poti palibe angawononge bomba lake pa Lilongwe kapena Chipata. Mwaiwala msanga. Nkhondo ya ku Ukraine itayamba mu 2022, thumba la feteleza linakwera bwanji? Imeneyo ndi ya zida wamba. Ya nyukiliya utsi wa mizinda yopsa umakwera kumwamba n'kuphimba dzuwa kwa zaka, kunja n'kuzizira, mvula n'kuchepa, chimanga osakhwima. Kafukufuku wa akatswiri a ku Rutgers University wa mu 2022 anapeza kuti nkhondo ya America ndi Russia ikhoza kupha ndi njala anthu oposa 5 biliyoni. Amene amatipatsa chimanga cha thandizo chaka cha chilala ndi omwewo adzakhale atapsa. Mudzapempha kwa yani?

Lero padziko pali mabomba a nyukiliya pafupifupi 12,000 m'manja mwa mayiko asanu ndi anayi, ambiri mwa iwo a America ndi Russia, ndipo mazanamazana ali chire, okonzeka kunyamuka m'mphindi zochepa. Akuwayang'anira ndi anthu ngati inu nomwe, otopa, ogona tulo, oiwala sipanala. South Africa inapanga mabomba asanu ndi limodzi, kenako inawaphwasula yokha, ndipo mayiko a mu Africa anasayina pangano la Pelindaba mu 1996 lokana zida zimenezi. Makolo anu anazikana, inu n'kumaziitanira pa Facebook ndi tinkhope toseka? Ndisadzaonenso mwana wa pakhomo pano atalemba zoti "aponye tione."