Njinga ya olumala si mphatso yongojambulitsa

Boma likafuna kuthandizadi anthu aulumali kuno ku Dedza, ndalama zambiri zipite kwa anthu oyendera makomo, osati ku mwambo wogawa zinthu. Njinga zimaperekedwa pabwalo, anthu n'kuwomba m'manja, koma pakatha miyezi ingapo zambiri zimakhala zili kuseri kwa nyumba, tayala litaphwa, mwini wake atabwerera pamphasa.

Vuto limayambira pa kuyeza. Njinga siifanana ndi thumba la chimanga loti aliyense alandire lofanana. Munthu akakhalapo, chikhatho chizitha kulowa pakati pa chiuno ndi mbali ya mpando, ndipo kuseri kwa bondo kuzitsala mpata wa zala ziwiri kapena zitatu. Ikakula kwambiri amapendekera mbali imodzi, msana n'kuyamba kukhota. Ikachepa imamukhula. Ndiye taganizirani njira za ku Bembeke kapena zotsetsereka za ku Golomoti: njinga ya m'chipatala ya timatayala ting'onoting'ono kutsogolo imatitimira mumchenga, mabelingi n'kudyeka msanga. Kumudzi kumafunika ya matayala atatu, kapena ya matayala onga a njinga yakapalasa, oti wokonza njinga wa pa Linthipe kapena ku Mtakataka atha kumata chubu n'kusintha masipoko.

Koma chimene chimandiwawa kwambiri ndi zilonda. Munthu amene anavulala msana samva kupweteka kumunsi, choncho khungu limafa iye osadziwa. Njinga yoperekedwa popanda khushoni yoyenera ndi imene imabweretsa chilonda cha pamatako, ndipo chilonda chimenechi chikalowa mpaka pafupa chimapha. Kupewa kwake sikufuna ndalama zambiri ayi, kumafuna wina wophunzitsa banja. Wogona azitembenuzidwa maola awiri alionse, usiku womwe. Wokhala panjinga azinyamulako thupi kapena kuweramira kutsogolo pa mphindi 15 mpaka 30 zilizonse. M'mawa ndi madzulo wosamalira aziyang'ana pamatako, m'mbali mwa chiuno, m'munsi mwa msana ndi zidendene. Pakhungu lathu lakudali musadikire kuona kufiira. Pamalo pakada kuposa pena, pakatentha kapena kuuma gwa, pamenepo asagonerepo mpaka pabwerere mwakale. Zofunda zonyowa ndi mkodzo zisinthidwe nthawi yomweyo, ngakhale m'nyengo yozizira ya June pamene kuchapa n'kovuta.

Mwana amene ubongo wake unavulala pobadwa nayenso ali ndi zake. Amayi ambiri amamudyetsa atamugoneka chagada pamwendo chifukwa palibe anawauza. Phala limalowera kumapapo, mwana n'kumadwala chibayo kawirikawiri. Azikhala tsonga, mutu utawerama pang'ono kutsogolo, phala likhale lolimbirako osati lamadzimadzi, pang'onopang'ono ndi supuni yaing'ono. Zimenezi munthu sangaziphunzire pa msonkhano wa pansi pa mtengo. Mpaka wodziwa afike pakhomo, aone mmene mayiyo akuchitira, amugwire dzanja.

Pakhomo pomwepo pali khonde ndi chimbudzi. Chitunda chokwerera njinga chimafunika masentimita 12 m'litali pa sentimita iliyonse ya msinkhu, ndiye khonde la masentimita 30 likufuna chitunda cha masentimita 360. Chikafupika, njinga imagudubukira chambuyo. Khomo likhale la masentimita 90, chimbudzi chikhale ndi mpando woboola pakati ndi mtengo wogwirira.

Malamulo tili nawo. Dziko lino linavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali mu 2009, tinakhala ndi lamulo la za ulumali la 2012, ndipo la 2024 ndi limene linasandutsa MACOHA, bungwe la boma loona za anthu aulumali, kukhala MACODA. Mtukula Pakhomo, amene anayambira ku Mchinji mu 2006, amathandiza ndithu, koma ndalama yake ndi ya banja lonse ndipo imathera ku chakudya. Siiwerengera sopo wochapira tsiku ndi tsiku, kabaza wa anthu awiri popita ku mafizo, kapena munda umene wagonera chifukwa mayi sangasiye wodwala yekha.

Maganizo anga ndi akuti bajeti ya khonsolo ikhale ndi gawo lakelake la ntchito imeneyi. Alangizi a zaumoyo, amene amadziwa kale khomo lililonse m'dera lawo, aphunzitsidwe kuyang'ana khungu ndi kakhalidwe ka panjinga, ndipo banja lililonse liziyenderedwa kamodzi pamwezi. A mafizo apatsidwe mafuta oti azifika m'zipatala zazing'ono pa masiku odziwika. Njinga iliyonse iziperekedwa ndi khushoni, pampu ndi dzina la wokonza wapafupi. Ndipo amfumu ndi a komiti ya chitukuko polemba mayina, azilowa m'nyumba, chifukwa amene akufunikira thandizo kwambiri ndi amene sangathe kufika pabwalo.