Goku tinakula naye

Mwalemba kuti makatuni a ku Japan ndi zibwana, ndipo ngwazi zenizeni ndi za makampani a ku America a Marvel ndi DC, monga Superman ndi Batman. Pepani akulu, pamenepo ndakana.

Superman anayamba kutuluka mu 1938, ndipo olemba nkhani yake akhala akusinthanasinthana mpaka lero. Mu 1992 anamupha, anthu n'kulira, chaka chotsatira uyo wadzuka. Inde, Goku, ngwazi ya m'makatuni a ku Japan a Dragon Ball, nayenso amafa n'kubwerera, sindikubisa. Koma Dragon Ball inachokera m'manja mwa munthu mmodzi, Akira Toriyama, kuyambira 1984 mpaka 1995, mabuku 42. Goku timamuona ali kamwana kamchira, akukula, akukwatira Chi-Chi, akubereka Gohan. Mphamvu zake zambiri amazikhetsera thukuta, kugwa n'kudzukanso. Zimenezo ndi zomwe zimandigwira mtima.

Toriyama atamwalira mu Malichi 2024, ndinakhala pakhonde ndi mphwanga wazaka 12, foni ili pakati pathu, tikuoneranso pamene Goku tsitsi lake linasanduka lachikasu koyamba, mnzake wapamtima Krillin ataphedwa. Mwanayo anangoti zii, chimanga chootcha chili m'manja osachiluma. Ine misozi inalengeza. Batman ndimamukonda ndithu, koma sanandilizepo.