Madzi kwa khanda la masiku 9, zoona?

Ndakhala ndikudziletsa kuyambira dzulo koma mtima wakana, ndilankhule basi. Mng'ono wanga ali ndi khanda la masiku 9. Dzulo masana anapita kukasamba, mwana n'kumusiya m'manja mwa azakhali athu amene anabwera kudzamuona. Ine polowa m'chipindamo ndinapeza azakhali ali ndi kapu ndi sipuni, akumudonthezera madzi m'kamwa. Madzi! Khanda loti mchombo wangogwa dzana.

Ndinati, "Azakhali, mukumupatsa chiyani mwanayo?" Iwo osatekeseka n'komwe: "Iwe, kwatentha, mwanayu ali ndi ludzu. Ife tinalera ana iwe usanabadwe." Sipuniyo ndinailanda. Akuti ndawachitira mwano, ndipo mpaka pano sakundiyankhula. Chabwino, asandiyankhule, koma mwana uja madzi sadzamwanso ine ndikuona.

Khanda silimwa madzi. Kutenthe, kuzizire, lilire usiku wonse, silimwa madzi. Ludzu lake limathera pabere. Mkaka wa m'mawere pawokha ndi madzi magawo pafupifupi 87 pa 100 alionse, ndipo umene umayamba kutuluka mwana akangogwira bere ndi wamadzimadzi, wamafuta umabwera pambuyo. Ndiye kukatentha mpatseni bere pafupipafupi, basi. Ka 8, ka 12 pa tsiku, kaya kuposa apo, palibe cholakwika. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO pamodzi ndi UNICEF akhala akunena kwa zaka zambiri kuti mwana ayambe kuyamwa ola limodzi lisanathe chibadwire, ndipo ayamwe mwakathithi miyezi 6. Mwakathithi ndiye kuti bere lokha, kupatula mankhwala amene achipatala alemba. Sipuni ya azakhali mulibemo.

Kodi anthu amadziwa kukula kwa kamimba ka khanda? Tsiku lobadwa kamalowa mamililita 5 mpaka 7 okha, kasipuni kamodzi ndi pang'ono. Pa masiku 9 kamakhala pafupifupi ngati dzira. Kamimba kangati kameneko inu n'kukadzaza madzi, chinthu chopanda chakudya chilichonse! Mwana amamva kukhuta, n'kugona, bere osalifuna. Inu mumvekere "waona, watonthola." Watonthola ndi njala m'thupi. Ndipo bere likapanda kuyamwidwa mkaka umachepa, chifukwa thupi la mayi limapanga molingana ndi mmene mwana akukokera. Pakatha milungu iwiri anthu omwewo ayamba kunena kuti mayiyu alibe mkaka. Mwauphwetsa ndinu ndi sipuni yanuyo.

Chondiopsa kwambiri ine ndi impso. Impso za khanda zimakhala zisanakhwime, sizitha kutaya madzi ochuluka ngati zanu ndi zanga. Madzi akachuluka amasungunula mchere wa m'magazi wotchedwa sodium, ubongo n'kutupa, mwana n'kuyamba kukomoka. Khanda likhoza kufa ndi madzi oyera mbee, owiritsa bwinobwino. Nanga osawiritsawo, a m'kapu yoti aliyense wamwera? Kumeneko ndiye kutsegula m'mimba, ndipo khanda likatsegula m'mimba silichedwa kufooka. Ngakhale amene akupatsa mwana mkaka wa m'chitini chifukwa cha zovuta zina amauzidwa kusakaniza ndi muyeso wolembedwa, osawonjezera madzi kuti chitini chikhalitse, pa chifukwa chomwechi.

Mwina achikulire anaphunzira choncho kwa amayi awo, mwinanso kulira kwa mwana kumawapweteka mtima. Kaya. Zimenezo sizisintha impso za mwana.

Mawu akuti "ife tinalera ana" ndatopa nawo. Munalera, inde, ndipo tikuthokoza. Koma amene sanafike chaka chimodzi bwanji simuwatchula? Aja munkati angodwala mwadzidzidzi, aja munkati anangofooka usiku umodzi? Mumawerenga ife amene tinapulumuka, n'kumati njira yanu ndi yabwino. Safunsa anadya phula. Namwino alipo, mayi wa mwana alipo pabafa pompo, simukanadikira mphindi 5 kuti mufunse?

Ngati nkhawa yanu ndi yoti mwana sakupeza madzi okwanira, yang'anani matewera. Khanda lopitirira masiku 5 likamanyowetsa matewera 6 kapena kuposa pa tsiku, mkodzo wosakhala wachikasu kwambiri, ndiye kuti likukhuta. Kutsika sikelo pang'ono masiku oyambirira n'kwachibadwa, limabwerera pofika milungu iwiri. Koma likasiya kukodza, liwombo likalowa m'kati, likakana bere, likamangogona lili lefuu, thamangirani kuchipatala. Apo sipuni ya madzi ingokuchedwetsani.

Chinandiwawa kwambiri ndi mng'ono wanga. Atatuluka kubafa n'kumva zonse, anangoti, "Asisi, asiyeni, ndi akuluakulu." Maso ali jenjenje misozi. Munthu wavutika miyezi 9, wabereka ndi ululu, usiku sagona, koma alibe mphamvu yonena kuti mwana wanga musamupatse ichi, poopa kutchedwa wamwano. Mwana ndi wake. Akakomoka usiku amene adzathamange naye ndi iyeyo, azakhali ali m'tulo kwawo. Ulemu ndimaudziwa, ndinaleredwa nawo, koma sindingaime n'kumaonerera khanda likumwetsedwa madzi kuti anthu azinditcha mwana wabwino. Ayi. Khanda silimwa madzi, kaya wagwira sipuniyo ndi azakhali, apongozi, agogo kapena bambo wa mwanayo.

Ndipo poti ndayamba, inu alendo obwera kudzaona mwana. Mwachokera kumene mwachokera, mwagwira ndalama, mwagwira foni, mwapatsana moni ndi anthu m'njira monse, kufika n'kungoti "tabweretsani timunyamule" osasamba m'manja. Wina akutsokomola, mphuno zikuchucha, akuti "ndi kachimfine chabe" uku akupsompsona khanda pakamwa. Chitetezo cha m'thupi mwa khanda chimakhala chisanalimbe. Kachimfine kanuko kwa iye kakhoza kukhala chibayo, ndipo khanda losakwana mwezi likangotentha thupi ndi nkhani ya kuchipatala tsiku lomwelo. Dzulo lomwelo ndinawerenga anthu 7 amene anamunyamula mwana uja. Amene anapempha sopo ndi mmodzi.